Zokometsera ndiwo pakhonde la nyumba ya lendi: zomwe zamera ndi zomwe ndapha

Ndimakhala ku Chilomoni, mu mpanda umodzi ndi eni nyumba. Malo olima palibe. Tsiku lolowa, amayi a landilodi anandiuziratu kuti bwalo lawo ndi losesa, khasu lisadzakhudze pansi. Chimene ndili nacho ndi kakhonde kakumbuyo, mapazi asanu m'litali ndi awiri m'lifupi, komwe dzuwa limawomba kuyambira m'mawa mpaka cha m'ma 1 koloko. Ndinakulira kumudzi, dimba la mpiru ndi tomato ndimalidziwa bwino, ndiye ndinkaona ngati timasamba tonunkhira ta m'ndiwo ndi m'tiyi ndi masanje chabe. Zili m'munsizi ndazitenga m'kope lomwe ndimalembamo ndalama za pakhomo.

6 Julaye 2024

Ena akukumbukira zaka 60 za ufulu, ine ndili pakhonde ndi mpeni, kudula zigubu. Chandiyambitsa ndi kamtolo ka dhania, timasamba tonunkhira tothira m'ndiwo, ka m'shopu yaikulu ya m'tauni: kodula, komanso pofika tsiku lachitatu kamakhala katafota n'kuyamba kuterera.

Ndagula zigubu zisanu ndi chimodzi za malita 5 zomwe munali mafuta ophikira, K500 chimodzi, zonse K3,000. Mbewu ya basil paketi K3,200, ya parsley K3,200. Dhania sindinagule wa m'paketi, ndatenga njere zophikira kwa ogulitsa zokometsera ku Limbe, za K1,000. Thumba la zitosi za nkhuku K3,000, wakabaza wondibweretsera K1,500. Zonse pamodzi K14,900.

Zigubu ndazidula chogoneka kuti zikhale ngati timabwato, ndaboola mabowo awiri pansi pa chilichonse. Dothi ndatapa katondo wa kuseri kwa mpanda, ndasakaniza ndi zitosi theka ndi theka. Ndafesa, ndathirira mpaka madzi kuyandama pamwamba. Mwayi wake ndagwiritsa theka la paketi iliyonse, osati chifukwa cha nzeru, koma zigubu zinandichepera.

20 Julaye

Masabata awiri, ndipo khonde likununkha ngati khola. Ntchentche zandipeza. Chiperoni chagwa masiku anayi otsatizana, nkhungu ndi kamvula kowaza, ine n'kumathirirabe m'mawa ndi madzulo monga timachitira ku dimba.

Basil sanatuluke ndi mmodzi yemwe. Parsley zii. Dhania anamera timbewu tisanu ndi tiwiri, tinachita chikasu, nsonga zinawauka, lero tatsala tiwiri togwa chammbali. Dzuwa litawala, katondo uja wauma pamwamba ngati njerwa, koma nditapisa chala pansi ndapeza matope okhaokha.

Agogo a nyumba yoyandikana nafe anasuzumira pampanda, n'kutapa dothi pang'ono, kulinunkhiza. "Mwana wanga, zitosi izi ndi zadzulodzulo. Mwaziphika mbewuzo." Anandikumbutsa zomwe ndinkadziwa kale koma ndinaziiwala chifukwa cha phuma: zitosi za nkhuku zosawolerana zimatentha mizu. Kumunda zimatayika m'dothi lambiri, koma m'chigubu mbewu ilibe kothawira.

28 Julaye

Ndakhuthula zonse. Dothi la zitosi lija ndaliunjika pakona ya mpanda, ndasakaniza ndi masamba ouma ndi makoko a nthochi, ndaphimba ndi thumba. Lidikire miyezi yake.

Kasakanizidwe katsopano, poyeza ndi ndowa: ziwiri za dothi lakuda lomwe agogo andilola kutapa pansi pa mtengo wawo wa mango, imodzi ya mchenga wa kumtsinje, imodzi ya manyowa a ng'ombe akalekale, oti ukawafinya amangoyoyoka ndipo sanunkha. Mchenga K1,500, manyowa K2,500, mnyamata wonyamula K1,000. Kuyesa kwake n'kosavuta: nyowetsani pang'ono, fumbatani m'dzanja. Likaumbika koma n'kusweka mukaligunda ndi chala, lili bwino. Loyamba lija ukanatha kuumbira mphika.

Mabowo ndawonjezera, khumi pa chigubu chilichonse, pootcha msomali pa mbaula n'kumabaya. Musachitire m'nyumba, utsi wa pulasitiki umapweteka mutu. Zigubu ndazikweza pa njerwa ziwiriziwiri chifukwa poyamba zinakhala pa simenti ndipo mabowo ankatsekeka.

Za dhania ndaphunzira kwa mayi yemwe anandigulitsa njere uja. Kampira kalikonse kali ndi mbewu ziwiri mkati. Umayala njerezo pa thebulo, n'kugubuduzapo botolo mopepuka kuti zigawike pakati, osati kuzipera. Kenako kuziviika m'madzi usiku umodzi. Ndafesa zigubu ziwiri, kuya kwake kosapitirira kachigawo koyamba ka chala. Parsley ndamufesa m'beseni lobooka lomwe linkangokhala. Basil ndamusiya kaye, akuti ndi wa nyengo yotentha, Julaye wa ku Blantyre sagwirizana naye.

Keni yothirira ndaiona mtengo wake ndaseka. Ndaboola chivindikiro cha botolo la malita awiri ndi singano yamoto, madzi akutuluka ngati mvula yowaza.

11 Ogasiti

Dhania wamera pa tsiku lachisanu ndi chinayi, wambiri, mizere yobiriwira. Ndinaitana bambo akunyumba kuti adzaone, iwo n'kufunsa ngati ndi udzu.

Apongozi abwera kuchokera ku Thyolo ndi phata la lemongrass, udzu wonunkhira wothira m'tiyi, lokulunga m'chitenje, limodzi ndi nthochi ndi mapeyala. Ataona zigubu, timitengo m'mabotolo pawindo, ndiponso fungo, anakhala pampando n'kundiyang'ana nthawi yaitali.

"Apongozi, mwayamba using'anga kodi?"

"Ayi amayi, ndi zothira m'ndiwo."

"Ndiwo zake ziti zosakwanira tomato ndi anyezi?"

Vuto ndi liwu loti zitsamba. Ukangonena kuti ndikudzala zitsamba, anthu amaganiza za mankhwala a mwayi kapena okhwimira. Pano ndimangoti zokometsera. Komabe ndi apongozi omwewo amene anagawa phata lija ndi manja m'zigawo zinayi, kudula masamba n'kusiya tsinde lotalika ngati chikhatho, n'kudzala m'chigubu cha malita 20 chong'ambika chomwe ndagula K1,500. Anati uyu yekha ndi amene ndingamuthirire mmene ndikufunira.

Minti ndapatsidwa ndi mnzanga wa kuntchito, timitengo tisanu. Ndinathothola masamba am'munsi, n'kuimika m'kapu ya madzi, kusintha madziwo pakapita masiku awiri. Sabata imodzi yokha mizu yoyera mbee. Rosemary ndagula wa m'chubu kwa ogulitsa maluwa m'mbali mwa msewu, K2,000.

Beseni la parsley lilibe kanthu patatha masabata awiri. Ndaganiza kuti mbewuyo ndi yakufa, ndadzalamo minti.

24 Ogasiti

Parsley watuluka. Patatha masiku 24 kapena 25 chifesereni, pakati pa minti. Munthu akanandiuza kuti amachedwa chonchi ndikanadikira. Pakali pano akhale limodzi, ndiona.

Basil ndinamufesa pa 14, kutayamba kufunda, ndipo anamera pasanathe sabata. Koma m'mawa uliwonse ndikupeza timbande tingapo tagona, tsinde litaonda n'kuda pamalire ndi dothi, ngati wina walitsina ndi zikhadabo. Ndinayamba kusaka mbozi ndi tochi ya foni usiku. Palibe. Ndi chinyezi: ndinafesa mothithikana, ndikuthirira madzulo, dothi likugona lonyowa mpaka pamwamba pachita ndere. Timbande tomwe tagwa sitidzukanso. Ndazula todwala tonse, ndapatulira totsala kuti mphepo izidutsa, ndawaza mchenga wouma pamwamba. Kuthirira tsopano ndi m'mawa basi, ndipo ndiyambe ndapisa chala. Mwa timbande pafupifupi makumi atatu ndapulumutsa tisanu ndi titatu, tomwe ndi tokwanira kale pa banja limodzi.

Cholakwa china cha sabata ino n'chochokera ku dimba. Dhania anathithikana, ndiye ndinazula wina n'kuwokera m'chigubu china ngati mpiru. Wafota yense. Ali ndi muzu umodzi wautali wolowa pansi, ukangoduka basi. Amafesedwa pomwe adzakhalire. Wopatulirayo ndi bwino kungomutsuka n'kuthira m'nyemba, ndipo ndi zomwe ndachita ndi wotsalayo.

8 Sepitembala

Tinapita ku tchalitchi. Pobwera ndapeza thadzi la amayi a landilodi ndi anapiye ake asanu ndi anayi ali m'zigubu, dothi lili mbwee pa simenti. Chigubu chimodzi cha dhania chatheratu, basil atatu azulidwa. Minti ndi rosemary sanazikhudze.

Nkhuku ya eni nyumba suidandaula mokweza. Ndangosesa. Ndagula nsungwi K2,000 ndi linya K800, bambo akunyumba amanga kachimango, takutira ndi neti yakale ya udzudzu yomwe inang'ambika kale ndipo tinaisiya chaka chatha. Ndikunena yakale, musakachotse ya pabedi la ana. M'munsi tatsendereza ndi njerwa chifukwa anapiye amalowa paliponse pomwe pangalowe chibakera.

Basil wozulidwa ndinamubwezera msanga n'kumuika pamthunzi masiku awiri. Awiri agwira.

28 Sepitembala

Kukolola koyamba kwenikweni. Dhania wodzaza dzanja m'nyama ya mbuzi, minti m'tiyi. Bambo akunyumba, omwe ankati ndi udzu, afunsa ngati watsala.

Basil atafika masamba asanu ndi limodzi akuluakulu ndinamutsina nsonga, pamwamba penipeni pa mfundo yomwe pali timasamba tiwiri. Dzanja linkanjenjemera, mbewu yoti ndaivutikira chonchi n'kuidulanso mutu. Koma pomwe ndinatsina patuluka nthambi ziwiri. Mmodzi ndinamusiya osatsina kuti ndifananize: watalika ngati ndodo, masamba ochepa, wayamba kale kuonetsa maluwa.

Beseni lija ndi nkhondo. Minti sakula chokwera chokha, amayenda pansi pa dothi ndi timizu tonga zingwe n'kukatulukira kwina. Ndinafukula pang'ono ndipo ndapeza zingwezo zazungulira beseni lonse, parsley ali pakati ngati mkaidi. Ndachotsa minti yense n'kumupatsa ndowa yakeyake. Sindikukhulupirira kuti ndamutha, kachidutswa kalikonse kotsala kadzaphuka. Amene muli ndi malo pansi, minti musamudzale pabedi limodzi ndi zina.

Rosemary sakuoneka bwino. Masamba am'munsi akuda n'kumayoyoka.

15 Okutobala

Tsiku la anakubala, ndili pakhomo, ndipo kutentha kwake simenti ikuotcha mapazi. Kumpopi kwakhala kouma masiku anayi. Madzi tikugula, ndipo zigubu zitatu za K300 chimodzi ndalemba kuti ndi za mbewu, kuti nkhani isadzabuke m'nyumba.

Rosemary wafa. Nditaona masamba akuuma ndinkaganiza kuti ndi ludzu, ndiye ndinkamuwonjezera madzi. Lero ndamuzula: mizu yakuda, yofewa, yonunkha chivundi. Anafa kalekale ndi madzi, pomwe ine ndinkati ndikumusamala. Kwawo kwa mbewu imeneyi ndi kumapiri ouma a m'mbali mwa nyanja ya Mediterranean, dothi la miyala. Ine ndinamuika mzere umodzi ndi lemongrass n'kumawapatsa botolo lofanana. Chinthu chomvetsa chisoni n'chakuti rosemary womira ndi rosemary waludzu amaoneka chimodzimodzi pamwamba. Kusiyana kuli ku chala, ukapisa m'dothi.

Dhania naye wasintha. Watulutsa tsinde lalitali pakati, masamba ake asanduka opyapyala ngati a karoti, pamwamba maluwa oyera. Ndinadula tsindelo, patatha masiku atatu latulukanso. Kukatentha amathamangira kubereka ndipo palibe chomubweza. Ndamusiya achite njere. Nyengo yake ndi yozizira, ndipo ndikanayamba mu Meyi ndikanadya miyezi yambiri.

Zomwe zathandiza pa kutenthaku: udzu wouma wophimbira pamwamba pa dothi, thumba la ufa lomwe ndapachika pa nsungwi kuti litchinge dzuwa la masana, ndi makatoni okutira m'mbali mwa zigubu, chifukwa pulasitiki ikawombedwa ndi dzuwa dothi la m'mphepete limafunda ngati phala. Madzi otsukira mpunga ndi masamba sakutayidwanso. A sopo ndi otsukira mbale zamafuta ayi.

Basil yekha ndi amene akusangalala. Lemongrass akumwa theka la madzi onse.

10 Novembala

Nyerere zinayamba kukwera ndi kutsika pa minti ndi parsley. Ndinkazithamangitsa osadziwa kuti zikundilozera china. Nditatembenuza tsamba, kunsi kwake kuli nsabwe zobiriwira zothithikana, nsonga zapiringizika, masamba akumata m'manja. Nyerere zimatsata timadzi totsekemera tomwe nsabwezo zimatulutsa, ndipo zimaziteteza ngati ziweto.

Mankhwala a m'sitolo sindinafune, awa ndi masamba odya osaphika. Ndagula botolo lopopera K2,500. Ulendo woyamba ndinasungunula sopo waufa wochapira, dzanja lonse, n'kupopera dzuwa lili paliwombo. Pofika madzulo minti anali ndi mawanga ofiirira ngati wapsa ndi moto. Nsabwe zinafa, inde, pamodzi ndi theka la masamba.

Ulendo wachiwiri ndinachita motere. Kachidutswa ka sopo wamtanda kochepa ngati njere ya nyemba m'lita imodzi ya madzi. Tsabola wa kambuzi asanu ndi adyo atatu, kusinja, kuviika usiku wonse, kusefa pa kansalu kuti botolo lisatsekeke. Kupopera dzuwa litapendeka, kunsi kwa masamba, mawa lake m'mawa kutsukuluza ndi madzi oyera. Kubwereza pakapita masiku anayi, katatu. Zachepa kwambiri. Yang'anani komwe mphepo ikulowera musanapopere. Ine kambuzi anandibwerera m'maso ndipo mwana wanga anaseka mpaka kugwa pansi.

Minti wopsa uja ndinamumeta yense pafupi ndi dothi. Sabata ndi theka waphukira wabwino kuposa kale.

Ndagulanso rosemary, ulendo uno K2,500. Wogulitsa akuti mafuta akusowa, zonse zakwera. Ndamudzala m'dothi la theka mchenga, timiyala pansi, pakona yomwe dzuwa limakhalitsa. Madzi kamodzi pa sabata, ndipo ndalemba pachigubu ndi makala kuti wina asamuchitire chifundo.

Njere za dhania zauma, zasanduka zofiirira. Ndadula mitu, ndaiika m'thumba la pepala, ndapachika kukhitchini. Zatuluka theka la kapu.

17 Disembala

Mvula ndi mphepo zobwera ndi namondwe wa Chido zatipeza. Ife sizinationonge kwenikweni, ena madenga anasasuka, ndiye sindikudandaula. Koma ndaphunzira kuti mzere wakutsogolo wa zigubu unali ndendende pomwe madzi a padenga amagwera. Malata alibe ngalande, madzi anakumba dothi ngati khasu, mizu ya parsley ili pamtunda, matope ali pakhoma. Kachimango ka nsungwi kanagwera basil n'kuthyola nthambi ziwiri.

Ndasuntha zonse phazi limodzi kulowa mkati, ndabwezera dothi, pomwe pamagwera madzi ndaikapo ndowa. Rosemary ndinamulowetsa m'nyumba usiku, mvula itangoyamba, nditavala chitenje kumutu. Nthambi zothyoka za basil ndaziimika m'kapu ngati minti uja, akuti nazonso zimachita mizu.

Nkhono zayamba. Zimabisala pansi pa zigubu, pakati pa njerwa, usiku n'kudya basil mabowo akuluakulu. Phulusa lozunguliza limagwira ntchito likakhala louma, mvula ikagwa latha. Njira yomwe ikuthandiza ndi tochi ndi manja, cha m'ma 8 koloko usiku. Dzulo ndatola khumi ndi zinayi, ndapatsa thadzi lija m'mawa. Tayanjana.

Mulu wa zitosi wa mu Julaye wawolerana, wakuda, ukununkhira dothi. Ndathira dzanja limodzi pa chigubu chilichonse, kupatula cha rosemary.

29 Disembala

M'chigubu chomwe munali dhania mwamera kambewu komwe sindinafese. Masamba ngati a basil koma ang'onoang'ono, aubweya pang'ono, fungo lamphamvu. Ndinati mwina njere ya basil inagweramo. Agogo anathyola tsamba, kulifikisa m'zala, n'kuseka.

"Uyu ndi mpungabwi. Wabwera ndi ndowe za ng'ombe zija. Kwathu timathyola nthambi n'kumakupiza m'nyumba madzulo, udzudzu uthawe."

Ndinaima n'kumayang'ana mbewu ziwirizo. Wa K3,200 uja, yemwe ndamulera ngati khanda losakwana masiku, ndi uyu wa kutchire yemwe ndinkamuponda popita kudambo ndili mwana, ndi pachibale. Tsinde la ngodya zinayi, masamba awiriawiri moyang'anana, maluwa okwera ngati ngala. Wa kutchireyu nkhono sizikumukhudza. Ndamusiya.

11 Januwale 2025

Ndawerengera zonse kuyambira Julaye: K32,100. Zomwe ndinataya popanda phindu ndi rosemary woyamba, theka la mapaketi awiri, ndi sopo waufa. Zitosi sindikuziwerengera ku zotayika chifukwa zabwerera. Zomwe zikundidyetsa kwambiri, minti ndi lemongrass, sindinagule.

Lemongrass wadzaza chigubu mpaka chafufuma m'mbali, akufunika kugawa. Masamba ake amacheka ngati a nzimbe, ndiye ndimadula nditavala sokosi yakale kudzanja. Masamba atatu opinda mfundo m'ketulo ndi tiyi wa banja lonse. Basil alipo asanu ndi awiri, kuphatikizapo awiri ochokera ku nthambi zothyoka zija, ndikumutsina maluwa sabata iliyonse. Parsley ndi wochepa, sanachire bwino chichokereni minti ndi madzi a padenga, ndipo kunena zoona m'nyumba muno palibe amene amamufunsa. Sindidzagulanso. M'beseni lake minti waphukanso malo atatu. Rosemary wachiwiri ali moyo, watulutsa nsonga zatsopano zotuwa, sindinamudyeko n'kamodzi komwe chifukwa ndikumuopa.

Dhania ndinayesa kufesa njere zanga kumayambiriro kwa Disembala, wamera bwino koma wathamangiranso maluwa asanakwane n'chikhatho chomwe. Zotsalazo ndatsekera m'botolo louma mpaka Epulo. Ndidzafesa chigubu chimodzi pakapita masabata awiri alionse, osati zonse tsiku limodzi.

Amayi a landilodi dzulo anaima pakhonde nthawi yaitali, kenako anafunsa ngati "udzu wa tiyi uja" ungamere kuseri kwa bafa, komwe kumayenda madzi. Ndati ungamere. Akuti Loweruka likubwerali ndibwereke khasu kwa agogo.